Nyimbo Yoyenda Pambali pa Inzake

Mwezi wathawu panabuka kamlandu m'mudzi mwathu, ndipo kamlanduko kanatituma kukafunafuna liwu limodzi la Chingerezi limene sitinalisamala kale lonse, chinkana tinakhala zaka zambiri tili kugwira choko. Tifuna kuuza owerenga athu za liwulo, tanthauzo lake ndi kumene linachokera. Pakuti tiyesa kuti mlandu wotere suli wa kwathu kokha, koma ubuka paliponse pamene pali anyamata akuthwa lilime ndi akulu osafuna kusekedwa.

Nkhani yake inayenda motere. Pa tsiku la masika, titatuluka m'mapemphero, achinyamata anachita sewero pansi pa mtengo wa kachere, monga achita chaka ndi chaka. Pakati pa sewerolo panatulukira mnyamata wina atavala jekete lalitali, magalasi ali pansonga ya mphuno, ndi mapepala m'dzanja. Asanatsegule pakamwa, anthu onse anadziwa kuti ali kutsanzira mkulu wa mpingo amene atiwerengera zolengeza Sabata ndi Sabata. Mkuluyo ali ndi chizolowezi chodziwika: akanena kuti "chotsiriza," pamenepo mpamene ayamba. Tsono mnyamata uja ananena "chotsiriza" kasanu ndi kawiri, nakhosomola monga akhosomola iwo, nayang'ana anthu pamwamba pa magalasi, pepala lili kunjenjemera m'dzanja lake. Anthu anaseka kufikira amayi ena anapukuta misozi ndi nsonga za nsalu. Eni ake anali pomwepo, pa mpando wa kutsogolo. Poyamba anaseka nawo. Koma pambuyo pake anangoti duu, ndipo nsima isanafike ananyamuka napita kwawo.

Mnyamatayo ndiye mdzukulu wathu, mwana wa mwana wathu wamkazi. Ndipo mkulu uja ndi bwenzi lathu la pa ubwana, amene tinalowa naye kalasi chaka chimodzi. Akulu ena anapsa mtima, nati mnyamata achotsedwe m'kwaya, ndi masewero onse aletsedwe. Anapangana kuti mlandu ukambidwe utapita mlungu umodzi, ndipo ifenso tinali m'gulu la oyenera kukhala pa bwalolo. Owerenga adziwa okha umo mtima ugawanikira pamene mbali ina pali magazi ako, ndi mbali ina pali mnzako.

Madzulo ake tinamuitana mnyamatayo pakhonde, ndi kumfunsa kuti, "Iwe, chinakugwira nchiyani kuti uchite chipongwe chotere kwa munthu wa imvi?" Iye anagwada, nati, "Agogo, sindinatukwane munthu ine. Chimene tinachitacho chili ndi dzina lake m'mabuku a kusukulu. Amachitcha parody, ndipo anatiphunzitsa kuti ndi luso, si chipongwe ayi." Ife tinati, "Chabwino. Katenge dikishonale yako ndi mabuku akowo, tione ngati liwu la Chingerezi likhoza kutsuka mlandu wa pa mudzi." Ndipo mlungu wonsewo tinali kuwerenga, tili kutsata mapazi a liwulo monga mlenje atsata mapazi a nyama.

Tanthauzo lake ndi ili. Parody ndi nyimbo, kapena ndakatulo, kapena sewero, kapena cholembedwa china, chimene chitsata kalankhulidwe ndi kachitidwe ka munthu wina kapena ka buku lina lodziwika, koma mokuza zina ndi kupotoza zina, kuti anthu aseke. Liwuli lili ndi tanthauzo lachiwirinso, ndilo chinthu chochitidwa moipa kotero kuti chifanana ndi chenicheni kunja kokha. Angerezi akaona bwalo limene woweruza wagamula kale mumtima asanamve mboni, anena kuti bwalolo ndi parody ya chilungamo. Ndiko kunena kuti mipando ilipo, mikanjo ilipo, koma chilungamo mulibe.

M'chinenero chathu tili ndi mawu awiri amene liwu ili liwamanga mtolo umodzi. Tili ndi kutsanzira, ndipo tili ndi kutonza. Kutsanzira pakokha sikuipa: mwana aphunzira kulankhula potsanzira amake, ndi wosula aphunzira kusula khasu potsanzira dzanja la womphunzitsa. Kutonza pakokha sikufuna luso: ndi chitsiru chomwe chikhoza kuloza chala ndi kuseka. Koma parody ifuna zonse ziwiri. Woichita ayenera kuyang'anitsitsa mnzake masiku ambiri, kudziwa pamene apumira, pamene akwezera mawu, ndi umo agwirira ndodo. Ndipo akatha kuzidziwa zonsezo, azibweza pamaso pa anthu zitakula pang'ono kuposa msinkhu wake.

Chinthucho sichili chachilendo kwa ife; dzina lokha ndilo lachilendo. Itatha nkhondo ya 1914 kufikira 1918, m'midzi yambiri ya dziko lino, makamaka ya ku nyanja, munafala magule a beni ndi malipenga, m'mene anyamata afola m'mizere monga asilikali pa perete, atavala zoyera, ali ndi akuluakulu awo a maudindo, ndi zikho m'malo mwa malipenga a mkuwa. Woonerera sadziwa msanga ngati ali kutamanda asilikali kapena ali kuwaseka. Ndipo kapena zonse ziwiri zilimo.

Nanga liwulo linachokera kuti? Si la Angerezi eni ake. Analibwereka kwa Ahelene, amene ena awatcha Agiriki, eni chinenero chija chimene Chipangano Chatsopano chinalembedwamo. M'Chihelene ndi parodia, ndipo ndi mawu awiri olumikizana. Loyamba ndi para, kunena kuti pambali. Lachiwiri ndi ode, kunena kuti nyimbo. Chotero parody, pa chiyambi pake, ndiyo nyimbo yoimbidwa pambali pa nyimbo inzake.

Kuti timvetse dzinali, tiyenera kudziwa nyimbo yoyambayo. Ahelene anali ndi mlakatuli wamkulu dzina lake Homer, amene ndakatulo zake zazitali zinasimba za nkhondo ya ku mzinda wa Troy ndi za ngwazi zimene zinamenyana kumeneko. Ana anaziloweza pamtima, ndipo pa zikondwerero panali anthu amene ntchito yawo inali kuzilakatula pamaso pa khamu, ndi mawu aulemu ndi olemera. Tsono panabuka ena amene anatenga kayendedwe komweko ka mawu, ulemu womwewo ndi kulemera komweko, nasimba nazo zinthu zazing'ono ndi zachabe. Aristotle, wanzeru wa Ahelene amene anabadwa m'chaka cha 384 Khristu asanabadwe, namwalira m'chaka cha 322, analemba m'buku lake la za ndakatulo kuti woyamba kupeka nyimbo zotere anali Hegemon, munthu wa pa chisumbu cha Thasos. Hegemon ameneyo anaseketsa anthu a ku Athens, mzinda uja umene Paulo anadzalalikamo pambuyo pake, zaka zoposa 400 Khristu asanabadwe.

Imodzi ya ndakatulo za mtundu umenewu idakalipo kufikira lero, ya mizere ngati 300, ndipo isimba za nkhondo ya achule ndi mbewa. Mfumu ya achule inabereka mwana wa mfumu ya mbewa kumbuyo kuti imuolotse dziwe akaone mudzi wake. Koma pakati pa madzi panatulukira njoka, chule anamira ndi mantha, naiwala mlendo wake, ndipo mbewa inafa. Pamenepo mbewa zonse zinamema nkhondo. Zinavala makoko a nyemba m'miyendo, ndi kutenga masingano akhale mikondo. Achule nawonso anatenga masamba a kabichi akhale zishango, zigoba za nkhono zikhale zisoti, ndi mabango akuthwa akhale nthungo. Milungu ya Ahelene inakhala upo kumwamba, monga ichita m'ndakatulo za Homer. Ndipo pamene achule anali pafupi kutha, panatumidwa nkhanu zimene zinabalalitsa mbewa, ndi nkhondo yonse inatha tsiku lomwelo polowa dzuwa.

Pano pali chinthu choyenera kuchisunga. Munthu wosadziwa Homer sakadaseka nkhaniyi, pakuti akadangomva nthano ya ana. Choseketsa chinali kumva mawu a ngwazi ali m'kamwa mwa mbewa. Nyimbo ya pambali siima yokha. Iyanga pa nyimbo yoyamba monga nyemba iyanga pa phesi la chimanga. Ndiponso Homer sanachepa chifukwa cha achulewo, pakuti awerengedwa m'masukulu a maiko ambiri kufikira lero lino. Chinthu chachikulu chenicheni sichigwa ndi phwete la anthu.

Koma kaliwu aka kakuti para katipatsa zolingalira zambiri, pakuti kabisala m'mawu ena amene owerenga awadziwa bwino m'chinenero chathu. Liwu limene m'Mauthenga Abwino tiwerenga kuti fanizo, m'Chihelene ndi parabole, ndiko kuika chinthu pambali pa chinzake kuti china chiunikire china. Ndi dzina lija la Mzimu Woyera limene tiwerenga kuti Nkhoswe, m'Chihelene ndi Parakletos, ndiko kunena woitanidwa kudzaima pambali pa munthu. Komanso kaliwu komweko nthawi zina katanthauza kupatuka pa njira, kapena kutsutsana. Taonani tsono, kuyenda pambali kuli kwa mitundu iwiri. Munthu wotsimphina akamayenda pa msewu, wina adza pambali pake namgwira mkono. Winanso adza pambali pake natsimphina monga iye, kuti a m'mphepete mwa njira aseke. Onse awiri ali pambali, onse awiri ayenda molingana ndi mapazi ake. Koma palibe wofuna kuuzidwa kuti mbale ndi uti.

Kuchokera kwa Ahelene liwuli linalowa m'Chilatini, chinenero cha Aroma, ndipo m'menemo ophunzira a ku England analitola. Mmodzi wa oyamba kulilemba m'Chingerezi anali Ben Jonson, wolemba masewero wa ku London, mnzake wa Shakespeare. Lipezeka m'sewero lake lotchedwa Every Man in His Humour, limene linaonetsedwa koyamba m'chaka cha 1598, nalisindikizanso atalikonza m'chaka cha 1616. Chotero Angerezi akhala nalo liwuli zaka ngati 400.

Koma tisayese kuti masiku onse linasenza chitonzo. George Herbert anali mbusa wa kamudzi ka Bemerton ku England, ndipo buku la ndakatulo zake linatuluka m'chaka cha 1633, chaka chomwe anamwalira. Mwa ndakatulozo muli ina imene anaitcha A Parodie, koma mulibe choseketsa ndi pang'ono pomwe. Anatenga nyimbo ya chikondi cha mwamuna ndi mkazi, yodziwika masiku amenewo, naitembenuza ikhale kudandaula kwa mzimu wa munthu pamene Mulungu aoneka ngati wachoka.

Johann Sebastian Bach, woimbitsa nyimbo m'matchalitchi a mzinda wa Leipzig ku Germany, anachita chimodzimodzi. M'chaka cha 1733 anapeka nyimbo za tsiku lokumbukira kubadwa kwa mwana wa wolamulira dziko la Saxony, mnyamata wa zaka 11. Nyimbozo zinasimba nthano ya ngwazi Hercules ali pa mphambano, ndipo mwa izo munali ina yokoma ndithu, imene Chilakolako aimba pofuna kumgoneka tulo kuti aiwale njira ya ukoma. Chaka chotsatira, pa Khirisimasi ya 1734, Bach anatenga maimbidwe omwewo, naikamo mawu ena, ndipo inasanduka nyimbo yotonthoza Mwana wogona modyera ng'ombe. Odziwa za nyimbo atcha ntchito yotere parody kufikira lero, ndipo palibe aiyesa chipongwe. Potero tiona kuti muzu wa liwuli ndiwo kuyenda pambali; kuseka ndi nthambi yake imodzi, chinkana nthambiyo ndiyo inakula koposa zinzake.

Tsono sitili oyamba ife kukhala pa bwalo chifukwa cha liwuli. M'chaka cha 1817 ku London kunali munthu wosauka, wosindikiza ndi kugulitsa timabuku, dzina lake William Hone. Masiku amenewo anali a usiwa ndi misonkho yolemera, nkhondo yaitali yomenyana ndi Napoleon itangotha m'chaka cha 1815. Ndipo anthu wamba anali kudandaula ndi akulu a boma amene anali kulandira malipiro a maudindo opanda ntchito. Hone anasindikiza timabuku titatu: kena kotsata mafunso ndi mayankho a Katekisma, kena kotsata pemphero lalitali lopembedzera la Mpingo wa England, ndi kena kotsata chikhulupiriro chotchedwa cha Athanasius, koma m'malo mwa zinthu zoyera anaikamo nduna za boma ndi dyera lawo. Boma linamgwira, nilimuimba mlandu wonyoza zopatulika.

Anaweruzidwa katatu, masiku atatu otsatizana, pa 18, 19 ndi 20 December, m'nyumba yotchedwa Guildhall. Analibe loya, koma anadziyankhira yekha, ataunjika mabuku akale patsogolo pake, nalankhula maola ambiri tsiku ndi tsiku. Anaonetsa kuti anthu ambiri olemekezeka anachita chomwecho kale osagwidwa. Ndipo mwa iwo anatchula Martin Luther, ndi George Canning, amene pa nthawi yomweyo anali nduna m'boma lomwe linali kumzenga mlandulo. Mtsutso wake waukulu unali wakuti parody ili ya mitundu iwiri: ina iseka chinthu chimene yatsanziracho, koma ina ingobwereka chovala chake kuti iseke chinthu china. Iye sanafuna kuseka Katekisma, koma anabwereka mawu amene mwana aliyense awadziwa kuti alase nawo nduna zadyera. Masiku awiri otsiriza pa mpando panakhala woweruza wamkulu, Lord Ellenborough, amene anafunitsitsa kuti munthuyo atsutsidwe. Koma tsiku lililonse anthu wamba 12 osankhidwa kugamula anati alibe mlandu. Ndipo pa ukalamba wake Hone yemweyo analowa mpingo wina wa ku London, nakhala wopembedza kufikira imfa yake m'chaka cha 1842.

Sitinena kuti nkwabwino kusewera ndi mawu a mapemphero. Ife eni sitikadakondwa kumva ana athu ali kuchita chomwecho. Koma funso limene Hone anaika pamaso pa bwalo ndi la nzeru, ndilo lakuti, muvi walunjika kwa yani? Pakuti tonse tidziwa parody ina yoopsa, ija ya asilikali a Pilato. Chovala chofiira chinalipo, korona analipo, ndodo yachifumu ya bango inalipo, kugwada kunalipo. Anatsanzira ulemu wonse wa kwa mfumu osasiyako kanthu. Koma wosekedwayo anali womangidwa ndi wokwapulidwa, wopanda womuimira. Ku London wopanda mphamvu anaseka amphamvu. Ku Yerusalemu amphamvu anaseka wopanda womuthangata. Luso ndi limodzi, koma mtima suli umodzi.

Pofika pamenepa tiyenera kuulula kanthu kamene takhala tili kukabisa zaka zoposa 50. Akulu anati, anyani asekana zikundu. Ndipo luso la mdzukulu wathu silinagwa kumwamba, analitengera kwa ife. Pamene tinali ana pa sukulu ya m'mudzi, tinali ndi aphunzitsi okalamba, munthu wofatsa, amene anadziwika ndi zinthu ziwiri. Choyamba, anali ndi wotchi ya m'thumba ya unyolo, imene inaleka kuyenda kalekale. Koma anakonda kuitulutsa pamaso pa alendo, nayang'anamo mwaulemu, kenaka nayang'ana dzuwa, nanena nthawi. Chachiwiri, anali ndi chibwibwi. Poimba sichinamveka konse, koma powerenga lilime linamangika pa mawu ena, ndipo anatseka maso kufikira liwu litatuluka.

Tsiku lina pa nthawi yopuma tinamanga chigoba cha nkhono ku luzi, ndi kuchitulutsa m'thumba, kuyang'anamo, kuyang'ana dzuwa, ndi kulengeza nthawi. Anzathu anagubuduka nalo phwete. Sitinadziwa kuti aphunzitsi ali kumbuyo kwathu. Anatenga chigobacho, nachiika kukhutu, nati, "Yakoyi iposa yanga, mwana wanga, pakuti yako imveka kulira." Anaseka nafe pamodzi, ndipo kuyambira tsiku lomwelo wotchi ija sinatulukanso pamaso pa alendo.

Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Kutamanda kwa anzathu kunatiledzeretsa, ndipo tinafuna china choposa. Loweruka lina madzulo, posesa m'nyumba ya mapemphero, tinaima ku gome titatenga buku, ndi kuwerenga monga awerengera iwo, kumanga lilime, kutseka maso, kugwedeza mutu. Anzathu anaseka koposa kale. Potembenuka tinaona aphunzitsi ataima pakhomo, atanyamula mabuku a nyimbo. Sanatikwapula, sanatidzudzula, sananena kanthu. Anaika mabukuwo pa benchi, natuluka. M'mawa mwake, nthawi ya kuwerenga itakwana, anapereka Buku kwa munthu wina. Ndipo kuyambira Sabata limenelo sanawerenganso pamaso pa mpingo. Anthu anayesa kuti maso awo afooka. Ife tokha ndi anzathu atatu tinadziwa chifukwa chake. Tinati tidzapepesa mawa, ndipo mawa linasanduka mwezi. Chitatha chaka anapuma ntchito, nabwerera kwawo kutali, ndipo chimene tinamvanso za iwo ndiwo uthenga wa maliro.

Kodi kuseka kuwiri kumeneku kunasiyana pati? Wotsanzira anali yemweyo, oseka anali omwewo, wosekedwa anali yemweyo. Koma wotchi anakhoza kuisiya m'thumba; chibwibwi sakadakhoza kuchisiya kunyumba. Kuseka koyamba kunawachotsera kanthu kachabe kamene anadzikuza nako. Kwachiwiri kunawalanda ntchito imene anaikonda, imene anaichita molimba mtima zaka zambiri, chinkana Sabata lililonse inali nkhondo kwa iwo.

Tsiku la mlandu litafika, tinapempha kuti tiyambe kulankhula ndife. Ndipo tinasimba nkhani ya aphunzitsi athu pamaso pa akulu onse, mdzukulu wathu ali kumva, amene sanaimva kale lonse. Pamenepo tinapempha bwalo kuti lisafunse ngati kutsanzira munthu nkoipa kapena nkwabwino, pakuti funso lotere lilibe yankho limodzi. Koma lifunse zinthu zitatu. Kodi chosekedwacho ndi chinthu chimene mwini wake akhoza kuchileka? Kodi wosekedwayo ali ndi mphamvu ya kuyankha, kapena ali pansi kale? Ndipo kodi atatha masewero, wotsanzira ndi wotsanziridwa akhoza kudyera m'mbale imodzi?

Poyesa sewerolo ndi muyeso umenewu, tinapeza kuti munali zinthu ziwiri, monga wotchi ndi chibwibwi. Za "chotsiriza" zija, akulu onse anavomera kuti akhala ali kung'ung'udza kumbali zaka zambiri, ndipo palibe mmodzi analimba mtima kuwauza eni ake. Mnyamata ananena poyera chimene ife tinanena mseri. Koma panali pepala lonjenjemera lija. Dzanja la mnzathuyo linayamba kunthunthumira dzinja la dzana ndi nthenda ya ukalamba, ndipo akhala ali kuyesa kulibisa pogwira pepala ndi manja awiri. Amayi ena amene anakhala pafupi nawo anachita umboni kuti anali kuseka bwino lomwe kufikira pamene pepala linayamba kugwedezeka. Mnyamata atafunsidwa anati, "Ndinangotsanzira zonse zimene ndinaona, sindinasankhe." Ndipo kulakwa kwake kunali komweko. Diso lakuthwa litola zonse, koma mtima ndiwo uyenera kupeta.

Bwalo linagamula kuti masewero asaletsedwe, pakuti mudzi umene akulu ake sakhoza kusekedwa ndi pang'ono pomwe usanduka mudzi wa manong'onong'o. Linagamulanso kuti mnyamata asachotsedwe m'kwaya, koma akapepese kunyumba kwa eni ake. Ndi kuti m'tsogolo muno sewero lililonse liyambe laonedwa ndi mkulu mmodzi ndi mayi mmodzi wa mpingo lisanafike pabwalo.

Tinapita naye ife tomwe, iye atanyamula nkhuku. Tinawapeza pakhonde ali kusenda mtedza. Mnyamata anagwada, nati, "Agogo, ndinalakwa pa za dzanja lija. Ndikhululukireni." Anakhala chete nthawi, kenaka anati, "Za dzanja lokha? Nanga za chotsiriza?" Mnyamata anaweramitsa mutu osayankha. Pamenepo anaseka, nati, "Zimenezo usapepese. Agogo ako aakazi m'nyumba muno akhala ali kundiuza zaka zonsezi, ndipo sindinamva. Ndinamva tsiku lija pamene ndinadziona ndekha ndili kuyenda pabwalo. Koma dzanja ili, mwana wanga, silimvera akulu a mpingo, silimveranso ine mwini wake." Atatero anati, popeza mnyamatayo adziwa bwino pamene iwo apumira ndi pamene atembenuzira tsamba, adziima nawo kutsogolo tsiku la Sabata ndi kuwagwirira pepala.

Sabata lapitali anaima pambali pawo, pepala lili m'dzanja lake; zolengeza zinamveka bwino kufikira ku benchi ya kumbuyo, ndipo "chotsiriza" chinanenedwa kawiri kokha.

Tsono kwa achinyamata amene ali ndi mphatso imeneyi tinena kuti, musaikwirire, pakuti munthu sadziona yekha kumbuyo, ndipo ife akulu tifuna kalirole monga afuna ena onse. Koma musanatuluke pabwalo, yambani mwapeta. Kwa akulu anzathu tinena kuti, mwana akakusekani pa chinthu chimene mukhoza kuchileka, chilekeni, ndipo mudzakhala mwapindula. Ndipo ngati pali wowerenga wina amene, pomva za aphunzitsi athu aja, wakumbukira nkhope ya munthu amene anamseka pa chilema chake, munthuyo akali moyo, asachite monga tinachita ife. Anyamuke mlungu uno, njira isanamere udzu.